Makala a mdzukulu wanga

Abale anzanga a pamsika, sabata ino ndisiye kaye za misonkho ndi zimbudzi zotseka. Ndiyambe ndadziulula ndekha, chifukwa amene wanditsina khutu ulendo uno si khansala kapena mkulu wa msika ayi, koma kamwana ka Sitandade 3 kodya m'mbale yanga.

Linali Lachiwiri madzulo. Tangofika kunyumba ine ndi mayi, mitu iri waa, dengu lathunthu la tomato labwerera osagulidwa. Ndisanavule n'komwe nsapato, mdzukulu wathu wamkazi amene tikumulera uja wagwada kale pambali panga.

"Agogo, madamu ati mawa aliyense apite ndi makala."

"Makala? Akufuna akaotchere chimanga madamu akowo?"

"Ayi agogo, ojambulira."

Kungomva zoti ojambulira, ine ndinati basi, nkhani yaphweka. Nafenso pa ubwana wathu tinkajambula magalimoto ndi makala pakhoma la nyumba mpaka kulandira nazo zikoti. Ndinapisa dzanja m'thumba la kuseri kwa chitseko, kusankha makala atatu olimba bwino, kuwakulunga pakapepala, n'kumupatsa. Mwana anati ayankhule, ine ndinamudula pakamwa. "Tenga, kagone."

Mawa lake anabwerako maso ali psuu, nsima osaifuna. Makala amene ankanena madamu sanali a pambaula. Anali makala a chizungu aja, kala iyi kala iyo, timitengo topakira zithunzi timene ena amati makirayoni, ena chekeni. Mwana atamasula kapepala kake m'kalasi, anzake anafa nako kuseka, ndipo pofika nthawi ya buleki anali atamupatsa kale dzina loti Namakala.

Tsono ndinene zoona pano. Ngakhale ndikadamva bwino, makirayoniwo sindikadagula. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, pakhomo ngati langa tambala iriyonse imakhala ndi mwini wake isanalowe n'komwe m'thumba. Komanso mumtima mwanga mlandu ndinali nditagamula kale: kusukulu mwana amapitira Chizungu ndi masamu, zojambula ndi chibwana. Ndikukuonani ambiri a inu mukugwedeza mutu kuvomereza. Choncho Lachinayi m'mawa ndinavala jekete langa la maliro ndi ukwati lija, ulendo wa kusukulu, mawu okawalasa nawo madamu nditawanola usiku wonse.

Sukulu yake sinditchula. Ndinapeza kalasi lodzaza mpaka pakhomo, ana atakhala pansi, maondo kugundana. Ndinawerenga mitu kufika pa 90 n'kuleka. Izi si zachilendo kwa inu: chiyambireni maphunziro a ulere a pulaimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi athu sanapumepo. Patebulo la madamu panali timabokosi ta makirayoni tinayi tokha. Tinayi, abale, pa khamu lonselo! Ndiye kuti wouma manja sindinali ndekha.

Madamu ake ndi mtsikana ndithu, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Atandiona anatuluka, kupinda maondo pang'ono.

"Takulandirani, bambo. Ndinu agogo ake a mwana wabwera ndi makala uja eti? Pepani kwambiri, kulakwa n'kwanga, sindinalongosole bwino. Koma musabwerere. Khalani pampando wangawu muonerere, tikambirana likatha phunziroli."

Munthu wakupepesa usanamukalipire umamutani? Mawu anga onola aja anabunthira m'kamwa momwemo. Ndinakhala.

Anaika malichero awiri kutsogolo, lina kumanja lina kumanzere. Kenaka anauza ana atsinzine. "Tchulani chinthu chotentha." Kalasi lonse linaphulika: moto! mbaula! phala! dzuwa la Okutobala! "Nanga chozizira?" Madzi a pamjigo, mthunzi wa mango, nyanja, wina anati Chiperoni. "Tsegulani maso. Moto ndi wa mtundu wanji? Nanga dzuwa likamalowa? Nanga mtengo wa mango uja, masamba ake ngotani?" Ana anafika okha pa yankho madamu asanalembe kanthu pabolodi. Wofiira, wa lalanje ndi wachikasu ndi mitundu yotentha. Wobiriwira, wa buluu ndi wa pepo, uja wa maluwa a jakaranda, ndi yozizira.

Apo anakhuthula jumbo pansi. Ine kuyang'ana, ndikuona zinyalala za kumsika kwathu zokhazokha: tizidutswa ta nsalu ta kwa telala, zitsekerero za mabotolo, makoko a malalanje, tsamba la nthochi, mapepala a sopo ndi a masiwiti. Mwana aliyense atole chimodzi, akachiponye m'lichero lake, ndipo anene chifukwa.

Apa ndi pamene panakoma. Kamnyamata kena kanatola tsabola wobiriwira n'kukamuponya kotentha. Anzake kukuwa, iko osatekeseka. "Mulumeni muone ngati ali wozizira!" Kena, kamene bambo ake amawotcherera zitsulo, kanaimika dzanja. "Madamu, moto wa bambo anga ndi wa buluu koma umasungunula chitsulo. Wofiira wa pambaula susungunula."

M'masiku athu funso lotere linali la chikoti. Madamu awa anaomba m'manja. Anati mwanayo akunena zoona, lawi la buluu ndi lotentha kuposa lachikasu, ndipo aliyense wophikira gasi kapena pulaimasi akudziwa kuti lawi likayamba chikasu ndiye kuti zavuta, poto ada ndi mwaye. "Koma pano sitikuyeza ndi dzanja kapena lilime," anatero. "Tikufunsa diso. Diso likaona chofiira limakumbukira moto wa kunyumba. Likaona buluu limakumbukira madzi." Tsabola anasamukira kozizira, mwini wake akung'ung'udza.

Kenaka anatulutsa m'chikwama chawo kapepala kamene ndinakazindikira msanga. Makala anga atatu aja.

"Nanga awa apite lichero liti?"

Ana anagawanika. Ena kotentha, poti amayaka. Ena kozizira, poti ngakuda ngati usiku. Madamu anawaika pakati pa malichero awiriwo pamodzi ndi choko, nati wakuda ndi woyera lero salowa mbali, ntchito yawo ikhala kulemba malire. Anawaphwanya tizidutswa, kugawa m'magulu. Mwana aliyense anaika chikhatho pa chibenthu cha katoni n'kuzungulira zala zake ndi khala. M'kati mwa dzanja apake mitundu yotentha yokhayokha, kunja kwake yozizira yokhayokha. Mdzukulu wanga ndinamuona atawongola khosi ngati nkhanga. Namakala uja wasanduka mwini katundu, anzake akuchita kumupempha.

Popeza makirayoni anali osakwana, utoto wambiri unali wa m'tizitini: katondo wosungunula m'madzi, chikasu chopera, madzi a chidede, masamba a nkhwani ofinya, mabulosi, ndi buluu wochapira zovala uja. Chopakira chinali kamtengo kotafuna kunsonga, ena zala basi. Patatha theka la ola, pansi ponse panali manja okhaokha ofiira ndi achikasu. Madamu anandiitana kuti ndiime pakhomo ndiyang'ane chapatali. Abale inu, manja aja ankaoneka ngati akutuluka m'katoni kudzandipatsa moni, pamene buluu ndi wobiriwira akubwerera m'mbuyo. Akuti ndi khalidwe lake la mitundu imeneyi, yotentha imathamangira diso, yozizira imaima kumbuyo. N'chifukwa chake ojambula zithunzi phiri lakutali amalipaka buluu. Kayang'aneni Mulanje muli ku Thyolo mudzandiuze.

Ndiri pampando paja, china chinandigunda m'mutu. Ife timati izi n'zachizungu, koma tamverani Chichewa chathu chomwechi. Nyumba ikagwira moto timati yapsa. Nsima ikakhala pamoto mokwanira, yapsa. Nanga tomato akafiira timati watani? Wapsa! Mango apsa, nthochi zapsa. Munthu akakwiya wapsa mtima, maso ali psuu. Liwu limodzi lomwelo lanyamula moto, kufiira ndi mkwiyo. Kumbali inayi, mu 1995 akatswiri a zilankhulo, mmodzi mwa iwo a Al Mtenje a ku Chancellor College, anatulutsa kafukufuku wa mayina a mitundu m'Chichewa, ndipo anapeza kuti liwu loti kubiriwira limanyamula girini ndi buluu yemwe. Ndiye kuti malichero awiri a madamu aja makolo athu anawaluka kalekale, kungoti anawasunga m'kamwa.

Ndipo kupaka sikunabwere ndi makirayoni. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira ndizo zakale kwambiri, za Akafula. Zoyera n'za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Utoto wake unachokera m'nthaka yomwe timapondayi. Amayi athu kumudzi mpaka lero amazira nyumba ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda osaponda m'sitolo. Alendo amakwera ndege kudzaona za ku Chongoni, ine mdzukulu wa eni ake n'kumati chibwana.

Koma inu a geni mukuti, akulu, zonsezi zikutikhudza pati? Dikirani, ndafika pa tomato uja.

Loweruka mwanayo anatiperekeza kumsika. Benchi la mayi a kunyumba tinalifolera chaka chatha ndi pepala la pulasitiki la buluu, poti ndi limene linali lotchipa. Mwana anaima chapatali, kupendeketsa mutu monga amachitira madamu ake, n'kuti, "Agogo aakazi, tomato wanu akumva kuzizira."

"Iwe, tomato amamva kuzizira? Usatisokose, tikufuna ndalama pano."

"Taonani wa amayi awo."

Tinayang'ana. Mnzathu wa benchi loyandikana, amene timaoda naye pa galimoto imodzi yochokera ku Ntcheu, anafolera ndi masaka oyera osoka pamodzi. Wake ali psuu, wathu ali bii ngati wagona masiku atatu. Tomato mmodzi yemweyo, dimba limodzi!

Nkhani yake njosavuta. Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yonse ya utawaleza. Isaac Newton wa ku England anazionetsa zimenezi cha m'ma 1666 ndi kagalasi ka ngodya zitatu. Tomato amaoneka wofiira chifukwa amabweza kuwala kofiira, kwinako amameza. Tsono pepala la buluu limatsekereza kofiira kochuluka kumwamba komweko, tomato n'kusowa chobweza. Miyezi yonseyi takhala tikunong'onezana za chitaka ndi mankhwala a anzathu, mfiti iri padenga pathu, yogula ndi ndalama zathu zomwe.

Tinakanganula tsiku lomwelo, kuika masaka oyera. Pansi pa milu mwana anayala masamba a nthochi, akuti chofiira chimafuula chikakhala pa chobiriwira. Inu amene munafolera pepala lakuda, lanu ndi lina: lakuda limameza dzuwa lonse n'kutentha zenizeni, kutentha kwa pakhungu, pamene loyera limabweza lambiri. Masamba anu akamafota 10 koloko isanakwane, yang'anani kumwamba kaye musanapite kwa sing'anga.

Sindikunamizani kuti tagula minibasi ayi. Mpamba ndi womwe uja, tikiti ya msika ndi yomwe ija, tsiku lina timabwererabe ndi katundu. Koma kasitomala wathu wakale, amene sabata yonse ankadutsa ngati sakutidziwa, anaima n'kuti, "Eee, wa lero ndiye wakupsa bwino." Anali wotsala wa dzulo. Mayi a kunyumba anangondiponda chala kuti ndisatsegule pakamwa.

Inu a zitenje ndi a kaunjika, nkhani iyi ndi yanu kuposa ya ife a tomato. Mu 1824 ku Paris, fakitale yotchuka yoluka nsalu zokongoletsera zipupa, yotchedwa Gobelins, inalemba ntchito katswiri wina dzina lake Michel Eugène Chevreul kuti aziyang'anira utoto. Kunali madandaulo akuti ulusi wakuda ngofooka, sukuda bii monga kufunikira. Mkuluyu anauyeza, napeza kuti utoto ulibe mlandu. Mlandu unali wa anansi: wakuda yemweyo akagundizana ndi buluu kapena pepo, diso limamuona ngati wasuluka. Analemba buku la zimenezi mu 1839, ndipo ojambula ambiri a ku France anatolamo nzeru. Anamwalira mu 1889 ali ndi zaka 102, kaya ndi mitunduyo inamusunga.

Ndiye mukamapachika zitenje musamangotsatira mmene zatulukira m'thumba. Chachikasu pambali pa cha pepo chimawala. Cha lalanje pambali pa cha buluu chimaitana munthu ali tsidya la msewu. Koma zofiira zisanu zondondozana zimaphana zokhazokha, diso la kasitomala limatopa, n'kupita kukapumira kwa mnzanu. Ena a inu mumazichita kale izi osadziwa dzina lake. Pali mayi wina pamzere wa nsalu amene ndakhala ndikumuona zaka zambiri akupachika, kubwerera m'mbuyo, kuyang'ana, kusinthanso. Anzake amati ngwamatama. Lero ndadziwa chifukwa chimene amaweruka msanga.

Pali malire ake, ndipo ndinena ngakhale ena mundida. Nzeru yomweyi ndi imene ena amabera nayo anthu. Malalanje osapsa bwino akaikidwa m'kaukonde kofiira amaoneka akupsa. Nyama ya dzana ikakhala pansi pa ambulera yofiira kapena babu lofiira imaoneka ngati yophedwa m'mawa uno. Kuyala katundu wabwino kuti aoneke mmene aliri, ine ndiribe nako mlandu. Tomato wathu uja anali wabwino, pepala ndi limene linkamunamizira. Koma kuphimba chovunda ndi kuwala ndi umbava, ndipo amene akadye nyamayo n'kugona akutsegula m'mimba ndi mwana wa mnzako. Amayi aja amatenga nsalu kutuluka nayo padzuwa asanalipire, musamawanene kuti ngovuta. Akudziwa chimene akuchita.

Amene akadali kunena kuti mitundu ndi chibwana andiuze chifukwa chimene Nyumba ya Malamulo inakhalira pansi kawiri pa nkhani ya mbendera, mu 2010 kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuika loyera lathunthu, mu 2012 kubwezeretsa lakale lija. Andiuzenso chifukwa chimene, chibwerereni zipani zambiri, munthu umayamba waganiza kaye mtundu wa malaya ovala tsiku limene m'tauni muli msonkhano wa ndale. Akuluakulu a mataye amalimbirana mitundu, ife n'kumakaniza ana.

Kwa inu amene mumangomva za mayeso, dziwani kuti pa mayeso a Sitandade 8 pali pepala la Arts and Life Skills. Mwana amene sanagwirepo utoto amangoloweza pamtima kuti wofiira ngotentha, wa buluu ngozizira, ngati mmene tinkalowezera ife mitsinje ya ku Canada osadziwa kumene imathera. Wanga uyu anapaka ndi zala zake, kukangana ndi anzake, kenaka n'kukakonza benchi la agogo ake.

Ndibwerere kwa madamu aja. Phunziro litatha tsiku lija anandifunsa, "Bambo, paja munabwerera nkhani yanji?"

"Aaa, ndimangodutsa, mwana wanga."

Anaseka, poti jekete la maliro ndi ukwati sadutsira. Ndinawafunsa kumene amatenga zinyalala zija. Akuti Lamlungu madzulo amapita okha kumsika kwathu kukatola, ndipo ena a ife timawaingitsa, kuwayesa amisala kapena ofuna zizimba. Telala wina anawauza kuti tizidutswa ta nsalu agule. Tizidutswa timene madzulo ake amakatentha kudzala! Buluu wochapira uja ndi chikasu anagula ndi ndalama za m'thumba mwawo, pa malipiro a uphunzitsi amene tonse tikuwadziwa. Apa ndiye manyazi anandigwira kachiwiri, aakulu kuposa a makala aja. Ana 90 aja ambiri ndi athu omwe a pamsika, a ogulitsa usipa, a osoka nsapato, a okazinga tchipisi.

Chithunzi cha dzanja chija tachipachika pabenchi, pa msomali wa majumbo. Mzere wakuda wozungulira zala ndi wa khala langa. Bwana wina wa taye anafunsa mtengo wake, mwini wake anayankha kuti si malonda. Makirayoni ndinagula kabokosi kamodzi Lolemba, mayi a kunyumba akuwerenga tchenji kawiri.

Lachisanu likudzali, cha m'ma 4 koloko, ndidutsa ndi thumba pamzere wa matelala. Sungani tizidutswa tanu. Inu a magolosale, makatoni ophwasula aja musakolezere moto. Inu a zakumwa, zitsekerero. Madamu akuti lichero lotentha ladzaza kale, chosowa ndi cha buluu ndi cha pepo. Koma akuti zidutswa zokhala ndi nkhope ya munthu wa chipani ayi, mungawachotsetse ntchito.